Matabwa a Mlatho wa Mulira

Lolemba m'mawa Sajeni Hilda Makina anapeza a Goliati Nampinga atakhala kale pa benchi la panja pa ofesi ya polisi ya pa Nantibu, chipewa chili pabondo, thukuta lili kamukamu.

"A Sajeni, aba mlatho!"

"Mlatho wonse, bambo Nampinga?"

"Matabwa! Khumi ndi limodzi, ndawerenga ndekha. Mlatho wa pa Mulira uja wangotsala ngati m'kamwa mwa nkhalamba. Ndipo wakubayo ndikumudziwa. Kamangeni Elton, mkulu wa akabaza uja."

Hilda anatsekula ofesi nawalowetsa. Adangokhalapo chaka chimodzi pa Nantibu, koma a Goliati sankafunika chaka kuti uwadziwe. Anali bambo wathupi, wa mawu omveka kutsidya, mwini golosale, chigayo ndi nyumba yogona alendo. Ankakalipa msanga, komanso pakagwa maliro thumba loyamba la chimanga linkachokera kwa iwo.

Nkhani ya mlathowo nayo Hilda ankaidziwa. Khonsolo idalengeza kuti pa bajeti ikubwerayo ndalama za misewu zingokwanira ntchito imodzi pa Nantibu. Eni masitolo ankafuna msewu wa miyala wochoka pa mphambano kufika pamsika, kuti minibasi zizifika ngakhale m'dzinja. Alimi a kutsidya, kumbali ya Nkhulambe, ankafuna mlatho wa simenti m'malo mwa wamatabwa umene ankawolotsirapo nandolo ndi odwala. Komiti ya chitukuko itavota, mbali zonse zidafanana, ndiye khonsolo idati Lachinayi itumiza injiniya ndi mkulu wa zachuma kuti adzaone okha.

"Ine ndimalipira msonkho wa malo pa nyumba zitatu, chaka ndi chaka, osajomba," anatero a Goliati akumenya tebulo ndi chala. "Ndapindulapo chiyani? Mvula ikangoyamba minibasi zimathera pa mphambano, katundu wanga amachita kubwera pamutu. Mlathowo unali bwinobwino. Sabata yathayi ndagula penti ndi ndalama zanga, ndaupakitsa wonse kuti alendo adzaone okha kuti ungadikire chaka china. Lero wina waugwetsa mano!"

"Nanga Elton wachimwa chiyani?"

"Minibasi zikafika pano akabaza adya chiyani? Akufuna alendowo adzapeze mlatho wophwasuka, ndalama zipite kumeneko."

"Inuyo dzulo munali kuti?"

A Goliati anatong'ola maso. "Ine? Kutchalitchi, kuyambira m'ma eyiti mpaka wani. Ndine msungichuma wa mpingo, funsani aliyense. Ndinapita ndi Zikomo mwana wanga. Mayi ake okha ndi amene anatsala, mutu unkawawawa. Ndiponso ganizani bwino, a Sajeni, apongozi anga amakhala kutsidyako. Ndingawaphwasulire mlatho ine?"

Hilda analemba zonse m'kabuku kake, natenga makiyi a njinga yamoto.

Unali mwezi wa Okutobala ndipo mtsinje wa Mulira udaphwa, madzi akungolekeza m'akakolo. Amayi awiri ankawoloka pansi pa mlatho atasenza mitolo ya nkhuni, ndipo mnyamata wa kabaza ankakankha njinga mumchenga akudandaula yekha. Penti ya a Goliati inali ikuwala pa dzuwa, yobiriwira ngati tsamba la nthochi.

Hilda anaima kaye osaponda pamlatho. Wakuba wachangu amayambira kumapeto n'kumazula motsatana. Uyu sanatero. Adazula thabwa lachitatu, lachinayi, n'kudumpha awiri, n'kuzula lina, mpaka kutsidya. Matabwa asanu ndi limodzi a bulugamu, atsopano ndithu, amene munthu akanagulitsa tsiku lomwelo, anali pomwepo osakhudzidwa. Anagwada n'kusisita mtanda wapansi pamene padachoka thabwa. Chala chinabwera ndi ufa wachikasu, ufa wa mtengo wofumbwa.

Mbali zonse ziwiri za mlatho wina adatchingapo ndi nthambi zaminga, ndipo pa nthambi iliyonse adamangapo kansalu kofiira kokhala ndi timaluwa toyera, kong'ambidwa pa chitenje chatsopano chimene chinali chisanalawe madzi. Patsinde pa mzati panali chitini cha mkaka wa ufa. Hilda atachivundukula anapeza misomali yodzaza, uliwonse wowongoledwa bwino, mitu yonse italoza kumodzi.

Anaseka chamumtima. Pa zaka khumi ndi zinayi za upolisi adaonapo mbava zamitundumitundu, koma yosiya matabwa abwino, yochenjeza odutsa, n'kubwezanso misomali, inali yoyamba.

Ndiyeno anaona mzere mufumbi. Linali tayala limodzi la wilibala, ndipo pa mtunda uliwonse wa phazi ndi theka linkasiya kachidindo kopingasa, ngati tayala lokulungidwa mphira pamalo ong'ambika. Linapita n'kubwera kanayi. Hilda ankayembekeza kuti mzerewo ulowera kumidzi ya kutsidya, kwa anthu ofuna mlatho watsopano.

Unkakwera chitunda kulowera ku masitolo a pa Nantibu.

Pamsika mzerewo udafafanizika ndi mapazi a anthu. Hilda anam'peza Elton pansi pa mtengo wa mango pamene akabaza amadikirira makasitomala, akupopa tayala. Anali mnyamata wowonda, wa jekete ya lalanje, wolankhula ngati akuthamangitsidwa.

"Madamu, ndamva kale kuti bigi aja akuti ndine. Shuwa ine? Dzulo eyiti koloko ndawoloka pomwepo ndi mayi wina, mwana wake akutentha thupi, ulendo wa kuchipatala. Mlatho unali fulu, palibe chosowa. Kafunseni, dzina langa analilemba pa geti. Pobwera cha m'ma thwelofu ndapeza minga, njinga ndachita kuinyamula paphewa."

"Anzakowa?"

"Onse anali ku ukwati kwa Nazombe, anawachita haya. Ndiponso madamu, ife ndi anthu a bizinesi. Tikanati tibe, tikanatenga a bulugamu aja. Zofumbwa zija tikagulitsa kwa ndani? Ngakhale pamoto zimangofuka."

"Wadziwa bwanji kuti obedwawo ndi ofumbwa?"

"Aa, tonse timawadziwa! Kale ukafika pa lachitatu umakhotera kumanzere, pa lachisanu ndi chiwiri umatsika n'kukankha. Akuda aja ndiye oola, oyererako ndiye olimba. Koma chipakireni penti onse akungofanana ngati ana a yunifomu. Lachisanu ndatsala pang'ono kulowetsa tayala."

Hilda anatulutsa kansalu kofiira kaja m'thumba. Elton anasiya kupopa.

"Iyi ndi ya mu shopu ya bigi omwewo! Yabwera Lachisanu lomweli, akazi anga akundisowetsa nayo mtendere. Pano palibe wina akugulitsa."

"Ndani amaudziwa bwino mlathowu, thabwa ndi thabwa?"

"Madala Davison, kalipentala wa kutsidya. Anaukhoma ndi iwowo, ine ndisanabadwe. Koma madamu, musavutike nawo, msana unawathera. Komanso ndi apongozi awo a bigi."

Hilda anavula nsapato, nawoloka Mulira wapansi.

A Davison Mwikho anali pansi pa kachisakasa kuseri kwa nyumba, akupala mwendo wa mpando pang'onopang'ono. Anali nkhalamba yopindika, ya ndevu zoyera, ndipo Chichewa chawo chinkayenda ndi kamvekedwe ka Chilomwe. Chapatali pang'ono akazi awo, mayi Belita, adakhala pamphasa akusenda chinangwa cha makaka, mwendo wakumanja atautambasula, wokulungidwa bandeji kuyambira m'kakolo mpaka pansi pa bondo.

Atapatsana moni ndi kufunsana za kutentha, Hilda anakhala pa chitsa. Maso ake anagwera pa thandala la zipangizo. Panali zitini zinayi za mkaka wa ufa, ndipo m'chilichonse munali misomali yakale yowongoledwa, mitu italoza kumodzi.

"Bambo, mwamva za mlatho?"

"Makutu ndili nawo, mwanangu. Amva."

"Dzulo m'mawa munali kuti?"

"Lamulungu munthu amakhala kuti? Kutchalitchi."

"Tchalitchi chili ku Nantibu. Pobwerera munadzera pati?"

"Pamlatho, monga mwa masiku onse."

"Mapemphero anatha wani koloko, bambo. Pofika thwelofu pamlatho panali patatchingidwa kale ndi minga."

A Davison anapitiriza kupala ngati sanamve. Mayi Belita ndi amene anaseka, kuseka kwa munthu amene wakhala ndi mwamuna mmodzi zaka makumi anayi.

"Ndinakuuzani, bambo a Aliness, kuti bodza simulitha. Munthu wonyamuka kupita kutchalitchi ndi chozulira misomali m'thumba la jekete!"

"Iwe, senda chinangwa."

"Ndikusenda."

Hilda anatembenukira kwa mayiwo. "Mwendowo mwatani, amayi?"

Mayi Belita anayang'ana amuna awo, kenako anayang'ana pansi. "Kwa ena ndimati ndi khasu. Koma inu ndi boma, ndinena. Lachinayi ndinkachokera kuchigayo, ufa uli pamutu. Mlatho uja ndauyenda zaka zambiri, mapazi angawa ankadziwa popondapo. Tsiku limenelo ndinapeza wonse wobiriwira. Ndinangomva phwa, mwendo walowa mpaka m'bondo. Ufa wonse unapita kwa nsomba."

"A Goliati akudziwa?"

"Ayi, ndipo musakawauze, chonde. Apongozi anga aja pakamwa pokha ndi pamene pali phokoso, mtima ulibe kanthu. Mankhwala ndikumwawa agula ndi iwo, malata ali pamwambapa anagula ndi iwo. Akamva kuti ndi penti yawo yandipweteka, adzalowa pansi ndi manyazi."

A Davison anaika chopalira pansi. Atayamba kulankhula mawu awo anali otsika.

"Mlatho uja ndinaukhoma ndili ndi mphamvu, mwanangu. Thabwa lililonse ndimalidziwa ngati mwana wobala ndekha. Ku komiti ndinanena kuti khumi ndi limodzi afa, anati madala akokera kwawo. Tsono penti ija itabwera ndinati, lero ndi mwendo wa mkazi wanga, mawa ndi mayi wapakati, kapena ana a sukulu. Alendo a khonsolo akanadzaona chiyani? Penti. Ndiye ndinazula. Sindinabe ayi, ndinazula. Ngati n'kumanga, mangani ine."

"Kuzula ndakhulupirira," anatero Hilda. "Koma thabwa limodzi lija ndi lalitali kuposa inu, ndipo wilibala inakwera chitunda kanayi. Anakankha ndani?"

"Ndinali ndekha."

"Kansalu aka munakatenga kuti?"

Nkhalambayo inayang'ana kansaluko nthawi yaitali, kenako inatolanso chopalira chija. Mayi Belita nawo kuseka kunawathera. Mpeni wawo unkangoyenda pa chinangwa chosenda kale.

Dzuwa linali litapendeka pamene Hilda analowa m'golosale ya a Goliati. Mwini wake adapita kuchigayo. Pa kauntala panali akazi awo, mayi Aliness, mayi wamfupi wofatsa, amene anthu ankati pa mawu khumi a amuna awo iwo amayankha limodzi, koma limodzilo ndi limene limachitika.

"Mutu uli bwanji lero, mayi?"

"Wachepako, zikomo."

"Ndikufuna chitenje chofiira chija, cha timaluwa toyera. Mwagulitsapo zingati?"

"Sichinayambe kuyenda. Anthu akudikira agulitse nandolo."

"Ndiye palibe wagulapo ndi mmodzi yemwe?"

Mayi Aliness anatembenuka. Anatsitsa mpukutu wa nsaluyo pa shelefu, ndipo pouyala pa kauntala Hilda anaona zikhatho zawo. Zinali ndi matuza anayi, awiri ataphulika kale. Kumapeto kwa nsaluyo sikunadulidwe ndi sizasi, kudachita kung'ambidwa ndi manja.

"Wilibala yanu ili kuseri?" anafunsa Hilda mofatsa. "Ija yokulunga mphira pa tayala?"

Mayiwo anapinda nsalu ija bwinobwino, naibwezera pa shelefu, natseka kabati ya ndalama. "Bambo anga mwawasiya ali bwanji?"

"Ali bwino. Akuti anali okha."

"Ndi mmene alili." Anamwetulira pang'ono, maso atadzaza misozi. "Tiyeni, a Sajeni, ndikakuonetseni. Ndatopa nako kugona ndi mutu wabodza."

Anadutsa kuseri kwa golosale, pafupi ndi wilibala ija, mpaka pa kanyumba kosungiramo gaga pambali pa chigayo. Mayi Aliness anasuntha matumba atatu. Matabwa khumi ndi limodzi anali pamenepo, osanjikizidwa bwino, lililonse litalembedwa nambala ndi khala kusonyeza pamene lidachokera.

"Bwanji kuno?" anafunsa Hilda.

"Kwa bambo anga anthu akanayamba kufufuza kumeneko. Kuno amuna anga salowako, gaga amawayetsemulitsa. Timati Lachinayi tikawaonetse a injiniya."

"A Sajeni! Mwam'gwira?"

Anali a Goliati, akutuluka m'chigayo ufa uli m'nsidze. Anafika pakhomo la kanyumbako, naona mulu wobiriwirawo, naima chilili. Anayang'ana Hilda, anayang'ana akazi awo, nayang'ananso matabwa.

"Ndani waika izi m'nyumba mwanga? Ndi Elton! Akufuna anthu aziti ndaba ndine!"

"Ndine, bambo a Zikomo," anatero mayi Aliness. "Bambo anazula, ine ndinatuta."

"Iwe? Mutu uja?"

"Mutu sunkawawa."

Hilda anawerama pa muluwo. Anakoka thabwa lolembedwa nambala seveni, nalitembenuza. Pakati pake panali bowo loti n'kulowa phazi la munthu, m'mbali mwake muli zibenthu zosongoka. Anatenga bolopeni yake n'kukanikiza pafupi ndi bowolo. Inalowa ngati mu mbatata yophika.

"Mwendo wa amayi si khasu ayi," anatero mayi Aliness. "Ndi pamenepo. Penti itauma sanathenso kudziwa popondapo. Anandiletsa kukuuzani. Ine ndinakuuzani katatu kuti musapake, munati ndikuyankhulira kwathu."

A Goliati anayandikira thabwa lija. Anagwada movutikira, nalowetsa dzanja lawo lonse m'bowo lija, nalitulutsa lili ndi ufa wachikasu. Kenako anangokhala pa thumba la gaga, chipewa chili m'manja. Anayetsemula kawiri, ndipo palibe anaseka.

"Ine ndimati ndikukongoletsa," anatero potsiriza, motsitsa mawu kwambiri moti Hilda anachita kuwerama. "Ndimadziwa kuti ena ndi okalamba, koma ndimati apirira chaka chimodzi. Chaka chimodzi chokha, msewu upite kaye."

"Msewuwo nanenso ndikuufuna," anatero akazi awo. "Katundu amene amabwera pamutu uja ndimalandira ndine."

A Goliati anakweza maso. "A Sajeni, dandaulo lija ndalichotsa."

"Mlathowo si wanu, bambo Nampinga, ndi wa anthu onse, ndiye sizithera pa inu. Ine ndilemba zimene ndapeza. Matabwa oola anazulidwa munthu atavulalapo, anatchingapo kuti ena asavulale, ndipo onse apezeka, ndi misomali yomwe. Za penti ndilembanso. Akuluakulu anga ndi a khonsolo akawerenga aona chochita, koma sindikuona womangidwa pano. Chimene ndikufuna n'chakuti matabwawa akafike pamaso pa injiniya Lachinayi. Ndipo Elton mukam'pepese."

"Elton!" A Goliati anapukusa mutu, kenako anausa moyo. "Chabwino. Koma wilibala ndikankha ndekha. Awa manja atha."

Lachinayi anakankhadi okha, maulendo anayi, anthu a pamsika atangoti kakasi. Injiniya, mayi wachitsikana wa nsapato zazikulu, anagogoda thabwa lililonse ndi hamala, nalowa pansi pa mlatho, natulukako akupukusa mutu. Anati mitanda iwiri nayo yafumbwa, ndipo pasadutsenso munthu mpaka khonsolo itumize matabwa ogwirizira mvula isanayambe. Mkulu wa zachuma anafotokoza kuti msonkho wa malo wa pa Nantibu ponse, ngakhale kuphatikiza ndi wa pamsika, sungagule ndi theka lomwe la mlatho, ndipo zotsalazo zimachokera ku thumba la boma lonse, limene madera ambiri akuliyang'ana. Anati iwo akalemba kuti mlatho ukhale patsogolo, koma chomaliza akanena ndi makhansala.

A Goliati anaimirira. Anthu anayembekeza mkuntho.

"Lembani mlatho," anatero. "Koma pansi pake mulembe msewu, ndi inki, osati pensulo. Chaka chamawa ndidzabwera ku Boma ndi malisiti anga onse, ndipo ndidzabwera ndi Elton kuti adzandithandize kulongolola."

"Pa kabaza mudzalipira dabulo, bigi," anatero Elton. "Kulemera."

Anthu anaseka, a Goliati nawo anaseka. Alendo atakwera galimoto yawo, Hilda anaona bamboyo akupinda thalauzi mpaka m'mawondo, nsapato zili m'khwapa, m'manja muli jumbo ya shuga ndi sopo. Popeza nayenso ankafunika saini ya a Davison pa lipoti, anawatsatira pambuyo.

Atafika, a Goliati sanayandikire mphasa ya apongozi awo aakazi. Anagwada patali, pafupi ndi nkhokwe, nkhope atalozetsa kumbali monga mwa ulemu wake, nawomba m'manja mwakachetechete.

"Amayi, ndabwera ndi manyazi. Mwendowo ndakupwetekani ndine."

Mayi Belita anakokera chitenje pa bandeji, nawonso akuyang'ana kumbali. "Ndani wakuuzani? Anthu a masiku ano sasunga mawu." Anaponya diso kwa Hilda, koma linali diso loseka. "Dzukani, apongozi, mungadetse thalauzi. Munapaka penti, simunatchere msampha. Mwendo ukupola."

"Ndikutengerani ku Boma mawa akauonenso."

"Mawa ndili ndi makaka oti ndiyanike. Loweruka."

A Davison anasaina lipoti la Hilda pang'onopang'ono, chilembo ndi chilembo. Atamaliza anakankhira mpando umene adangomaliza kukhoma kwa mkamwini wawo.

"Khalani apa muuyese. Ukapirira inu, upirira aliyense."

A Goliati anakhalapo mosamala, manja ali m'mawondo. Mpandowo unalira pang'ono, koma unaima.